Kulankhula pa noti osaiyimba: mmene mungakonzekere Pierrot lunaire

Tsiku loyamba la pulakatisi ndinayimba bwino kwambiri, ndipo ndi pomwe ndinalakwitsa. Ndinali nditatha milungu itatu pa piyano ndikuloweza noti iliyonse ya ndakatulo ya nambala 7 ya m'nyimbo yotchedwa Pierrot lunaire, ija ya mwezi wodwala. Mnzanga wa chitoliro atangotsitsa chitoliro chake, aphunzitsi anavula magalasi n'kundifunsa mofatsa kuti: "Kodi wakupemphani kuti muyimbe ndani?" Ndinayang'ana papepala. Pa kamwendo ka noti iliyonse panali kamtanda kakang'ono. Tanthauzo la kamtandako, loti notiyo ilankhulidwe osati kuyimbidwa, ndinkalidziwa m'mutu, kungoti kummero uthenga unali usanafike.

Ine ndinakulira m'kwaya, wa aluto kuyambira ndili Sitandade 5, ndipo amayi anga mpaka lero akamva noti yapendama amacheuka ngakhale ali pakati pa pemphero. Kummero kotereku kukaona noti kumaigwira n'kukhazikikapo mpaka nthawi yake ithe. Ndili kusukulu ya nyimbo ku South Africa, anzanga asanu oyimba zida anasowa munthu woti alankhule mu Pierrot lunaire, n'kutola ine poti mawu anga ndi otsika ndipo sindichita manyazi pasiteji. Zimene ndikulembazi ndi zimene ndikanakonda wina akanandiuza ndisanataye milungu itatu ija.

Nyimboyi anailemba ndi Arnold Schoenberg, munthu wa ku Vienna amene pa nthawiyo ankakhala ku Berlin. Anayamba mu Marichi 1912 n'kumaliza mu Julayi. Anamupempha ndi Albertine Zehme, mayi wa zisudzo amene ankalakatula ndakatulo pagulu, ndipo mayi yemweyo ndiye anaima pamaso pa anthu tsiku loyamba, pa 16 Okutobala 1912 mu holo ya Choralion ku Berlin, oyimba zida ndi Schoenberg yemwe atabisika kuseri kwa zotchinga. Mfundo imeneyi muisunge: amene anaitanitsa nyimboyi anali mlakatuli. Ndakatulo zake ndi za Albert Giraud wa ku Belgium, amene anatulutsa 50 m'Chifalansa mu 1884. Otto Erich Hartleben anazimasulira m'Chijeremani, ndipo Schoenberg anasankhapo 21 n'kuziika m'magawo atatu, gawo lililonse ndakatulo 7. Zonse pamodzi zimatenga mphindi 35 kapena 40. Pierrot mwiniwakeyo ndi wanthabwala wa m'zisudzo zakale za ku Italy ndi ku France, wopaka nkhope zoyera, wovala zoyera zokhuthukira, ndipo muno waledzera ndi mwezi. Gawo loyamba akulota za chikondi ndi za chipembedzo, lachiwiri maloto asanduka akuba, magazi ndi kunyongedwa, lachitatu wagwidwa ndi chilakolako cha kwawo ku Bergamo.

Oyimba zida ndi asanu koma zida ndi 8, chifukwa atatu amagwira ziwiriziwiri. Wa chitoliro amatenganso pikolo, kachitoliro kakang'ono ka mawu okwera, wa klarineti amatenganso klarineti ya besi, wa vayolini amatenganso viyola. Otsalawo ndi wa chelo ndi wa piyano. Sayimba onse nthawi zonse ayi. Ndakatulo ina muli awiri, ina atatu, ina onse, ndipo zida zonse 8 zimamveka m'ndakatulo imodzi pa nambala 21 pokha, kumapeto.

Pezani buku lonse la manoti, lokhala ndi mizere ya zida zonse. Kampani ya Universal Edition inalisindikiza mu 1914, ndipo likupezeka pa IMSLP, tsamba la pa intaneti losungira mabuku a manoti. Wina akakupatsani pepala la mzere wanu wokha, likaneni, chifukwa pafupifupi chilichonse chimene chingakupulumutseni chili m'mizere ya anzanuwo. Mukalipeza, werengani kaye tsamba loyamba lija limene ambiri amalidumpha. Pamenepo Schoenberg akufotokoza yekha kalankhulidwe kamene Ajeremani amakatcha Sprechstimme. Mwachidule akunena zinthu zitatu. Nthawi ya noti iliyonse muisunge ndendende ngati mukuyimba. Mawu oyimba amagwira noti osasuntha, pamene mawu olankhula amaifika notiyo n'kuchokapo pomwepo, motsika kapena mokwera. Ndipo musamale kuti zisasanduke kalankhulidwe konga koyimba. Zonse ndikunena m'munsimu ndi njira yofikira pa zitatuzi ndi pakamwa pa munthu wolankhula Chichewa.

Musayambire pa nambala 1. Yambirani pa 7, Der kranke Mond. Ndi inu ndi chitoliro basi, imayenda pang'onopang'ono, ndipo mulibe pobisala. Mukaithana nayo imeneyi zinazo ndi kuwonjezera liwiro ndi phokoso.

Mawu kaye

Sabata yoyamba piyano isatsegulidwe. Tengani pensulo, pansi pa mzere uliwonse wa Chijeremani mulembe tanthauzo lake m'Chichewa, m'mawu anu enieni olankhulira kunyumba. Mukamalemba muona kuti ndakatulo iliyonse ili ndi mizere 13, ndipo mzere woyamba umabweranso pa 7 ndi pa 13, wachiwiri umabweranso pa 8. Ndiye kuti mawu amodzi muwanena katatu, koma kawirikawiri manoti ake amakhala atasintha. Apa ndi pamene anthu amasokonezeka pasiteji, chifukwa pakamwa pamakumbukira ulendo woyamba n'kufuna kuubwereza. Ine ndinkalemba mzere wobwerezawo ndi mitundu itatu ya inki.

Kenako pali vuto limene anzanga a ku Ulaya analibe. Chichewa sichitseka phatikizo ndi chilembo chopanda liwu. Mawu achilendo akabwera kwathu timawatsegula, n'chifukwa chake tili ndi buku, sukulu, supuni ndi foloko. Pakamwa pomwepo pakakumana ndi Mond pamatulutsa "mondi", Nacht pamati "nakhiti", ndipo trinkt, amene ndi phatikizo limodzi lokha, amatha kutuluka "tirinkiti", maphatikizo anayi. Pocheza palibe angakuimbeni mlandu. Koma Schoenberg analembapo noti imodzi, ndipo maphatikizo owonjezerawo amadya nthawi ya noti yotsatira. Mukafika kumapeto kwa mzere mwachedwa, wa piyano wapita kale.

Mankhwala ake ndi chala. Ikani chala pakhosi, nenani Nacht pang'onopang'ono. Pa a khosi linjenjemera. Mukafika pa ch ndi t liyenera kukhala zii, kungotuluka mpweya wokha. Likanjenjemeranso pambuyo pa t ndiye kuti ka i kaja kazembera. Ndinkachita zimenezi m'basi popita kusukulu, chala pakhosi, anthu n'kumandiyang'ana ngati ndameza munga wa nsomba. Dzijambuleni pafoni n'kumvetsera, chifukwa khutu lanu likamamva muli mkati molankhula limakukonderani.

Chizolowezi china ndi chokoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, monga timachitira ponena kuti "ndikubweera". Pa mawu ngati Augen zimagwirizana mwangozi. Pa Wäscherin, mayi wochapa wa pa nambala 4, mphamvu ili pa phatikizo loyamba, ndipo pa dzina la Pierrot ili pa lomaliza, t wakeyo osamveka. Ndiye pali l ndi r, zimene ife timazisinthanitsa osaona vuto. Pa nambala 9, Gebet an Pierrot, wolankhula akudandaula kuti waiwala kuseka, ndipo liwu lake ndi Lachen. Ine ndinkati Rachen, kutanthauza kummero. Wa chelo, amene ankadziwa Chijeremani, anapirira masiku awiri, lachitatu anangogwetsa uta wake ndi phwete. Pezani munthu wodziwa chilankhulochi akuwerengereni ndakatulo zonse pang'onopang'ono, mumujambule. Ola limodzi ndi iyeyo likupulumutsani mwezi wathunthu.

Nthawi

Pakamwa pakazolowera, yatsani metronome, kachipangizo kogunda mabiti mosasintha. Nenani mawu onse pa liwu limodzi lathyathyathya, osakwera osatsika, koma noti iliyonse ndi mpumulo uliwonse pa nthawi yake. Yambani pa theka la liwiro. N'zotopetsa, ndipo palibe chanzeru chimene ndingawonjezere, kupatula kuti amene amadumpha gawoli amadziwika. Anthu amaganiza kuti poti ndi kulankhula ndiye pali ufulu wokoka apa n'kufulumira apo monga achitira mlakatuli pa wailesi. Muno mulibe. Anzanu asanu aja akuwerenga, ndipo nanunso ndinu chida chachisanu ndi chimodzi.

Ngati mumamva Chingerezi ndipo mukufuna poyeserera nthawi yokha, onani Façade ya William Walton, pa ndakatulo za Edith Sitwell. Anaionetsa pagulu ku London mu 1923, Sitwell akulankhulira pa chimkuzamawu kuseri kwa nsalu. Mmenemo wolankhula anamulembera nthawi yokha popanda kukwera ndi kutsika kwa manoti, ndiye lilime limaphunzira kuthamanga ndi zida popanda mtolo winawo.

Manoti, ndi mmene mungawasiyire

Apa ndiye pagona nkhani. Poyamba yimbani. Inde, zomwe zija anandikalipira. Kulakwa kwanga kunali koimira pomwepo, chifukwa simungachoke pa noti imene simunaifikepo. Khalani pa piyano muyimbe mzere wonse ndendende mpaka muzitha wopanda piyano.

Amene tinaphunzira ndi solofa tikumana ndi khoma apa. Solofa imafuna doh, ndipo muno doh mulibe. Schoenberg anali atasiya kulemba nyimbo zokhala pa kiyi imodzi, ngakhale njira yake yatsopano yolembera nyimbo, yotchedwa ya manoti 12, inali isanabwere, inadza cha m'ma 1920. Ndinayesa kusamutsa doh pa manoti atatu alionse, pepala linadzaza zofufuta, n'kusiya. Chimene chinandithandiza ndi kuphunzira mtunda wa pakati pa noti ndi inzake, awiriawiri, komanso kuba kwa anzanga. Musanalowe, yang'anani m'buku kuti ndani wangoyimba kumene noti yanu kapena yoyandikana nayo, muizunguze ndi pensulo, mukoke kamzere kufika pa yanu. Pa nambala 1, Mondestrunken, piyano imayamba ndi timanoti 7 tobwerezabwereza ngati madontho, vayolini akuikodola ndi chala. Timanoti timeneto mukatisunga m'khutu muli ndi pogwira.

Tsopano kumasula. Chinandidabwitsa n'chakuti luso limeneli tili nalo kale pakamwa, kwaya ndi imene inatiphunzitsa kulibisa. Chichewa chimasiyanitsa mawu ndi kukweza kapena kutsitsa liwu. Mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo timalemba chimodzimodzi, koma palibe amasokoneza pomva, chifukwa woyambawo liwu limakwera pa te. Tsiku lonse timakwera ndi kutsika mwadala osayimba. Ndiye yesani izi. Nenani "Zoona?" ngati mnzanu wakuuzani kuti uje wakwatiwa. Mumva kuti liwu layambira pamalo ena ake n'kutsetsereka chokwera. Pitani pa piyano mupeze noti imene munayambirapo. Nenaninso, mwadala kuyambira pa noti yomweyo. Kenako sunthani, yambirani pa noti yapamwamba pake, kudabwa kuli komweko. Mukatero chitaninso ndi "Pepani" wa pamaliro, amene amatsika. Mukatha kuyambitsa "Zoona?" ndi "Pepani" pa noti iliyonse imene chala chagwera, osasandutsa nyimbo, Sprechstimme mwaipeza. Chotsala ndi kuvula mawu a Chichewawo n'kuvekapo a Hartleben.

Choyamba kuchotsa ndi kunjenjemeretsa mawu kuja timakonda pa noti yaitali. Kukangomveka, khutu la womvera limati uyu akuyimba. Manoti afupiafupi savuta, mumangowalankhula pa msinkhu wake n'kupitirira. Ovuta ndi aatali. Noti ya mabiti atatu mungailankhule bwanji? Mukaigwira mwayimba. Mukatsetsereka nthawi yomweyo mtunda wautali mumveka ngati ambulansi, ndipo ndamvapo ambiri otere, omvera n'kumaluma milomo kuti asaseke. Ine ndimaifika notiyo pakatikati penipeni, ndikhalepo kanthawi kochepa koti khutu liizindikire, kenako ndiilole ifote pang'onopang'ono, mtunda waung'ono, mpweya ukuchuluka m'mawu. Zili ngati kuponda mwala woterera powoloka mtsinje. Phazi lifikepo ndithu, koma thupi likhale lili kale pa ulendo.

Dzenje lina ndi lija Schoenberg anachenjeza, kalankhulidwe konga koyimba. Mukukumbukira mmene tinkalonjerera aphunzitsi tonse pamodzi m'kalasi, kapena mmene ana amalowezera vesi la Sande sukulu? Si kuyimba, komanso palibe munthu amalankhula choncho kunyumba. Mukadzimva pafoni mukumveka motero, bwererani kwa "Zoona?" uja.

Pa noti yaitali iliyonse sankhani nokha ngati mutsika kapena mukwera, mulembe kamuvi pamwamba pake. Kawirikawiri ndimapendekera kumene kuli noti yotsatira, koma osati nthawi zonse, chifukwa zikatero mzere wonse umasanduka chingwe chimodzi chopanda mfundo. Musasiye kuti mudzasankhe pasiteji. Mantha akabwera kummero kumathawira ku zimene kunazolowera, ndipo kwa ife ndi kwaya.

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti manotiwo awalondole mpaka pati, makamaka poti mzerewu umayenda kupitirira ma octave awiri (octave ndi mtunda wochokera pa doh kufika pa doh wotsatira), pamene munthu polankhula safika kutali choncho. Akatswiri enieni amasiyana. Mu 1940 ku Los Angeles, Schoenberg yekha anatsogolera kujambula nyimboyi ndi Erika Stiedry-Wagner, ndipo mayiyo nthawi zambiri amalankhula patali ndi manoti olembedwa. Mu 1977 wotsogolera oyimba Pierre Boulez anajambula ndi Yvonne Minton, amene amatsala pang'ono kuyimba zonse. Boulez yemweyo atajambulanso ndi Christine Schäfer mu 1997 anaima pakati. Jan DeGaetani, wa ku America, amalondola manoti modabwitsa koma amamvekabe ngati akukuuzani nkhani. Mvetserani onsewa, koma mutayamba mwadziphunzirira nokha, apo ayi mungotengera mayendedwe a munthu wina.

Maganizo anga ndi awa. Maonekedwe a mzere, pokwera ndi potsika ndi kukula kwa kulumpha kulikonse, asasinthe ngakhale pang'ono. Ndipo pamene chida chikuyenda ndi inu kapena chikukutsanzirani, noti ikhale yeniyeni. Onani nambala 17, Parodie. Inu ndi viyola mumatsatizana pa mzere umodzimodzi, klarineti n'kumautembenuza chadodolido. Nthabwala yonse ili pa kutsanzirana kumeneko. Mukalankhula pongoyerekeza, womvera sadziwa n'komwe kuti pali amene akunyogodola mnzake. Munthu amene analemba zimenezo sankaona manoti a wolankhula ngati zokongoletsa.

Palinso malo ochepa pamene analemba kuti gesungen, kutanthauza kuti apa yimbani. Odziwika kwambiri ali pa nambala 8, Nacht, ndakatulo ya agulugufe akuluakulu akuda amene aphimba dzuwa. Klarineti ya besi, chelo ndi piyano zimangozungulira pa manoti atatu, E, G ndi E flat, pansi penipeni. Pa bar 10 (bar ndi kachigawo ka mabiti pamzere wa manoti) inunso mumayimba manoti atatu omwewo pa liwu lakuti verschwiegen, pansi pa C wapakati, kumene amayi ambiri mawu amangosanduka mpweya. Anaperekanso manoti apamwamba kwa amene sangafike, koma ngati muli wa aluto ngati ine, apa ndi pamene mumadyera. Manoti atatuwo amaopsa chifukwa chakuti kwina konse m'ndakatuloyi simunayimbe. Mukamayimba paliponse ndiye kuti mwawagulitsa. Pa nambala 3, Der Dandy, amakusinthitsani mofulumira pakati pa kuyimba, kulankhula ndi kunong'ona kopanda liwu, ndiye werengani timawu ta Chijeremani tonse tili pamwamba pa mzere wanu, musadumphe nkamodzi komwe.

Musasewere

Ife a ndakatulo ndi zisudzo timakonda kuonetsa. Mawu akati magazi, nkhope ikwinyike, mawu anjenjemere. Schoenberg pa tsamba loyamba lija akukana zimenezi. Akuti mtima wa ndakatulo iliyonse muutenge m'nyimbo, osati m'tanthauzo la mawu, chifukwa zimene ankafuna kujambula anaziika kale m'manoti. Poyamba ndinkaona ngati akutimana ntchito. Ndinamvetsa pa nambala 16, Gemeinheit. Pierrot akuboola dazi la mkulu wina dzina lake Cassander, akufwatikamo fodya wa ku Turkey, akusomekamo kapaipi n'kuyamba kusuta mwamtendere, mwini mutu akukuwa. Ndinkainena ndi maso otong'oka, ndipo inkangomveka ngati sewero la ana. Tsiku lina nditatopa ndinangoinena mopepuka, mwaulemu, ngati ndikufotokozera mlendo kaphikidwe ka thobwa. Wa vayolini anati tsitsi linamuimirira.

Chimodzimodzi pa 19, Serenade. Ndakatulo ikuti Pierrot akukwecha viyola ndi uta waukulu kwambiri, koma amene akuyimba mokoma ngati akufunsira mbeta ndi wa chelo. Nthabwala yachitika kale, inu musaithandizire.

Mukakumana ndi anzanu

Pulakatisi yoyamba ya onse pamodzi mudzasochera. Aliyense amasochera. Chimene chimathandiza ndi kukumana kaye awiriawiri: inu ndi wa chitoliro pa 7, inu ndi wa klarineti ndi wa piyano pa 9, inu ndi wa piyano pa chiyambi cha 14, Die Kreuze, pamene piyano imalusa yokha zida zina zisanalowe. M'buku lanu lembani zimene mumamva zenizeni musanalowe, osati zimene mukuona papepala. Langa lili ndi mawu ngati "chelo ikalira kawiri" ndi "pikolo ikabaya".

Ziwiri zimafuna kuzikonzekera mwapadera. Nambala 12, Galgenlied, nyimbo ya pa mtengo wonyongerapo, sifika ngakhale theka la mphindi, imayamba mothamanga n'kumathamangirabe. Mulibe popumira pabwino. Kokani mpweya wokwanira musanayambe, ndipo muiloweze mpaka lilime liziyenda lokha, chifukwa maso sangawerenge pa liwiro limenelo. Inayo ndi 18, Der Mondfleck. Pierrot wavala jekete lakuda kupita kokayenda usiku, kadontho ka kuwala kwa mwezi kamugwera kumsana, iye akuyesa laimu, n'kumapukuta mokwiya mpaka kucha. Pikolo ndi klarineti zikuthamangitsana, vayolini ndi chelo nazonso, ndipo pakati pa bar 10, pomwe Pierrot akucheuka n'kuona kadonthoko, zida zinayizo zimabwerera chambuyo noti ndi noti mpaka pomwe zinayambira, piyano ikupitabe chitsogolo. Nzokoma kuzidziwa, koma pasiteji musayese kuzimvetsera. Ine ndinayesa kamodzi, ndinatsala ndili kukamwa yasa. Werengani mabiti, yang'anani dzanja la wotsogolera, nkhani ya jekete muinene ngati munthu amene wakwiyadi ndi dontho.

Wotsogolera mumufune. Magulu ozolowerana amatha popanda iye, koma ulendo woyamba musadzivutitse. Imani pamene mukumuona iye ndi wa piyano osatembenuza khosi, ndipo musaime kutsogolo kwa pikolo. Za maiki anthu amatsutsana. Mu holo yaing'ono ine sindiifuna, chifukwa imakweza ndi zolakwa zomwe, ka i kaja kamamveka mpaka kumpando wakumbuyo. Zida zikakumizani, apempheni anzanu atsike. Schoenberg analemba malo ambiri motsitsa kwambiri, kungoti oyimba zida akatenthedwa amaiwala.

Ngati muli ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete ndipo mukuti klarineti ya besi ndiipeza kuti, musadikire kuti asanu akwane. Nambala 7 ikufuna munthu mmodzi wa chitoliro. Nambala 9 ikufuna klarineti wamba ndi piyano. Yambani ndi zimenezo. Mukadzakwana asanu mudzapeza kuti gulu lotere lili ndi nyimbo zambiri zoti liyimbe, chifukwa olemba nyimbo a pambuyo pake analikonda mpaka linatenga dzina la Pierrot. Ku London kuyambira mu 1967 olemba nyimbo Harrison Birtwistle ndi Peter Maxwell Davies ankatsogolera gulu lotchedwa Pierrot Players pa zida zomwezi.

Malo oonetsera muwaganizire msanga. Holo zambiri zimene tingabwereke ndi za mipingo, ndipo nambala 11, Rote Messe, ikuonetsa Pierrot ali paguwa atang'amba zovala zaunsembe, akupereka mtima wake wokha magazi ngati mgonero. Nambala 6, Madonna, nayonso si yopepuka. Musabise poganiza kuti ndi Chijeremani palibe amve. Auzeni eni malo zimene zilimo, kapena pezani malo ena. Ndipo omvera muwapatse tanthauzo la ndakatulo papepala, m'chilankhulo chawo. Munthu akadziwa kuti uyu akupukuta mwezi pajekete amaseka pamalo oyenera, pamene wosadziwa amangoona mayi akuzunzika kutsogolo kwa zida zosagwirizana.

Ife tinaonetsa gawo loyamba lokha ulendo woyamba, mphindi zopitirira 10 pang'ono, ndipo ndikulangizani chimodzimodzi. Limathera pa mwezi wodwala uja. Kumapeto kwenikweni kwa ndakatuloyo Schoenberg analemba kamawu kochenjeza kuti bar imeneyo imveke mosiyana ndi inzake, koma isakhale yachisoni chopitirira, n'kuikapo zizindikiro zofuula ziwiri. Ndinali nditakawerenga kambirimbiri, ndipo usiku umenewo ndinatsika pasiteji ndikudziwa kuti sindinayimbe, Mond anatsekeka bwinobwino, l sanasanduke r. Ndinatumiza kavidiyo kwa amayi pa WhatsApp. M'mawa anandiimbira.

"Iwe, ndaonera. Wa chitoliroyo ali bwino. Koma ndi maliro a ndani?"

"Si maliro amayi, ndi mwezi ukudwala."

"Ndiye ukuulira usanafe bwanji?"

Ndinatsegula buku pa nambala 7. Mivi yanga yonse ya m'mizere itatu yomaliza inkaloza pansi, ndipo uliwonse ndinkautsetsereka mpaka kufika pa "Pepani" uja. Ndinafufuta iwiri n'kuilozetsa m'mwamba, wachitatu ndinaufupikitsa, kenako ndinamulembera wa chitoliro kuti tikumane Lachinayi.